Malonje a Mmisiri Wamng'ono: Zoyenera Kunena ndi Zoyenera Kusunga



Lero tikambirana za tisitima toseweretsa ndi amisiri ake, ndiponso za funso limene munthu aliyense wolowa m'kabungwe amakumana nalo. Funsolo ndi ili: kodi anzanga atsopanowa ndiwauze ciani za ine mwini, nanga ndi ciani cimene ndiyenera kusunga? Cherani khutu, ndipo kope ndi pensulo zikhale pafupi, pakuti m'kati mwa nkhaniyi muli masamu pang'ono.

Amisiri a m'makomboni

Inu amene mukhala ku Chawama mumaimva sitima ikamalira, cifukwa njanji yocokera ku Livingstone idutsa pafupi ndi kwanu. Inu a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere muli kutali ndi njanji, ndipo mwina mumaiona sitima pokhapokha mukapita m'tauni. Koma kaya ndi ku Kanyama, ku Matero kapena ku George, cilipo cinthu cimodzi copezeka ponseponse: mwana woyendetsa galimoto ya waya mumseu wa fumbi. Mmisiri wamng'ono ameneyu sagula kanthu m'sitolo. Amatola waya wotayidwa nauongola ndi mwala. Mawilo amapanga ndi zotsekera mabotolo kapena tizitini ta polishi ya nsapato, ndipo zonse amamanga ndi malegeni. Manja amene apanga galimoto angathe kupanganso sitima, mutu wake ndi ngolo zake zomwe.

Komatu sitima isiyana ndi galimoto. Galimoto ya waya munthu apanga yekha nayendetsa yekha. Sitima ifuna manja ambiri: wina apange mutu, wina ngolo za katundu, wina ngolo za anthu, wina ayale njanji, winanso amange mlatho ndi sitesheni. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ndico cifukwa cake opanga tisitima, kaya ndi ana kaya ndi akulu, amakonda kusonkhana m'timabungwe. Timabungwe ta ana si tacilendo m'masukulu a dziko lino. Ena mwa aphunzitsi anu anali m'kabungwe ka Chongololo, kamene kanayamba m'caka ca 1972 kuphunzitsa ana za nyama ndi mitengo. Ena anali m'kabungwe ka JETS, ka ana okonda sayansi ndi zopangapanga. Ka opanga tisitima kangathe kuyambika pa sukulu iliyonse popanda kuononga ngwee.

Njanji ndi mzinda wathu

Musayese kuti sitima ndi cinthu ca anthu a kutali. Mzinda wa Lusaka unabadwa ndi njanji. M'caka ca 1905, caka cimene mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa, oyala njanji yopita kumpoto anafika kuno. Anaika malo opatukirapo sitima, nawacha dzina la mfumu ya mudzi wa pafupi, a Lusaaka. Caka cotsatira, 1906, njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Kasitesheni kaja kanakulirakulira, kufikira m'caka ca 1935 boma linasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone kudza kuno. Pakati pa 1970 ndi 1975, anthu a ku Zambia, a ku Tanzania ndi a ku China anayala njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Makolo a ku Matero ndi ku George angakusimbireni za sitima ya Njanji Commuter, imene m'zaka za m'ma 1990 inali kunyamula anthu pakati pa George ndi Chilenje isanaleke kuyenda. Tsono mwana wopanga kasitima ali kufanizira cinthu cimene cinabala mzinda wake.

Cifukwa cake amisiri amafunsana mafunso

Ku maiko ena kupanga tisitima ndi nchito imene akulu a imvi amaikonda monga ana. M'caka ca 1891 kampani ya Märklin ya ku Germany inaonetsa tisitima toyenda pa tinjanji ta miyeso yokhazikika. M'caka ca 1910 okonda nchitoyi anayambitsa kabungwe ku London kochedwa The Model Railway Club. M'caka ca 1935 a ku America anapanga bungwe lao, National Model Railroad Association, ndipo nchito yake yaikulu inali kugwirizanitsa miyeso, kuti ngolo yopangidwa ndi uyu iyende pa njanji yoyalidwa ndi uyo.

Mau aakulu pa nchito imeneyi ndi sikelo, ndiko kuti muyeso wocepetsera. Sikelo yofala koposa ichedwa HO, ndipo ilembedwa 1:87. Tanthauzo lake ndi lakuti sentimita imodzi pa kasitima iimira masentimita 87 pa sitima yeniyeni. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Njanji zambiri za ku Ulaya ndi ku America zili ndi mpata wa mamilimita 1,435 pakati pa zitsulo zake ziwiri. Gawani 1,435 ndi 87. Mupeza pafupifupi 16.5, ndipo umenewo ndiwo mpata wa kanjanji ka HO. Koma njanji za kuno kwathu, ya Zambia Railways ndi ya TAZARA yomwe, ndi zopapatiza: mpata wake ndi mamilimita 1,067. Gawaninso ndi 87. Mupeza 12 ndi kanthu pang'ono pamwamba. Motero munthu wofanizira sitima ya ku Kabwe pa sikelo ya 1:87 afunika kanjanji ka mamilimita 12, ndipo ngolo yake siingayende pa kanjanji ka mnzake wofanizira sitima ya ku Germany.

Mwaona tsopano cifukwa cake membala watsopano amafunsidwa mafunso. Anzake afuna kudziwa muyeso wake, kuti aone ngati ngolo zake zidzakwana pa njanji yao. Afuna kudziwa ngati akonda sitima za malasha kapena za dizilo. Afuna kudziwa luso lake: kodi ndi katswiri wopinda waya, wodula malata, kapena wopaka utoto? Afunanso kudziwa cimene cimkanika, kuti amthandize. Wobisa zonsezi sapeza wogwira naye nchito, ndipo ngolo yake itsala yokha pambali. Conco kunena za iwe mwini n'kofunika ndithu. Nkhani ili pa kusankha zonena.

Malonje a pakamwa ndi malonje a papepala

Kudziwitsa ena za iwe mwini ndi mwambo wathu wakale. Kumudzi mlendo akafika amampatsa pokhala, kenaka iye apereka malonje: dzina lake, mfunda wake, kumene acokera, mmene wawasiyira a kwao, ndi cimene wadzera. Akati ndine Phiri, kapena Banda, kapena Mwale, wina pakhomopo angathe kupeza mbale wake. Mwambo umenewu ndi wokoma, ndipo tisautaye. Koma taonani zinthu zitatu za malonje a kumudzi. Coyamba, wonenayo ali kuona nkhope za omvera. Caciwiri, akulu ali pomwepo. Cacitatu, mau akatha kunenedwa atsala m'mitu ya anthu owerengeka amene anali pabwalo.

Malonje olembedwa sali conco. Kabungwe kakakupatsani khadi kapena buku la maina kuti mulembemo za inu, pepalalo liyamba kuyenda lokha. Lero lili m'kabati ya aphunzitsi. Mawa laikidwa pambali pa kasitima kanu pa tsiku la cionetsero, pamene makolo, alendo ndi ongodutsa alowa pa cipata ca sukulu. Mkuja wina walijambula ndi foni, natumiza cithunzi kwa mnzake ku Kitwe, mnzakeyo natumizanso kwa wina amene inu simudzamuona konse. Cithunzi cotere cikacoka m'manja simungaciitanenso. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Masiku ano mlomo wa munthu umatsala papepala ndi m'foni.

Phunziro la ngolo

Ngati munaonapo sitima ya katundu ili kudutsa, inu mutaima patali monga kuyenera, munaona kuti m'mbali mwa ngolo iliyonse muli zolemba. Pali cizindikiro ca eni ake, nambala ya ngoloyo, kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, ndi kulemera kwa katundu amene ingathe kusenza. Zimenezi alemba poyera cifukwa anchito a pa njanji amazifuna polumikiza ngolo. Koma palibe ngolo imene alembapo kuti muno muli matumba akuti a shuga, mwini wake agona kwakuti, ndipo mlonda amacoka nthawi yakuti. Citseko amacitseka nacimanga, ndipo mapepala a katundu asungidwa ndi anthu amene nchito yao ndi kuwasunga.

Inunso citani cimodzimodzi. Gawani za inu m'milu itatu.

Mulu woyamba ndi wa zinthu zimene aliyense angawerenge. Umu muli dzina lanu loyamba, cimene mwapanga, zimene mwapangira, mpata wa mawilo ake, luso lanu, ndi cimene mufuna kuphunzira. Izi ndizo zolemba za kunja kwa ngolo.

Mulu waciwiri ndi wa aphunzitsi oyang'anira kabungwe okha. Umu muli dzina lanu lonse, tsiku limene munabadwa, dzina la kholo kapena la amene akusungani, nambala yao ya foni, kumene mukhala, ndi matenda amene aphunzitsi ayenera kuwadziwa, monga mphumu kapena khunyu. Aphunzitsi amazifuna zimenezi cifukwa mwana angadziceke ndi citini, kapena kabungwe kangapite paulendo. Koma muzipereke makolo atavomera, ndipo zisalembedwe pa khadi loonetsa anthu.

Mulu wacitatu ndi wa zinthu za m'nyumba, zosatuluka pakhomo. Umu muli malo amene mumabisa kiyi, nthawi imene nyumba ikhala yopanda munthu, njira imene mumayenda nokha, tsiku limene atate kapena amai alandira malipiro, katundu wa mtengo wapatali amene muli naye, nambala yacinsinsi yotulutsira ndalama za pafoni, ndi nambala ya reji ya makolo anu. Reji ndi citupa ca boma cimene munthu alandira akakwanitsa zaka 16. Nambala yake ndiyo imene amafunsa polembetsa nambala ya foni, potsegula buku ku banki, kapena potenga ngongole. Wacinyengo akaidziwa pamodzi ndi dzina lonse ndi tsiku lobadwa, angathe kudzicha mwini wake nacita zoipa m'dzina la atate anu. Kabungwe kopanga tisitima kalibe nayo nchito nambala imeneyi ngakhale pang'ono.

Makhadi awiri

Tiyerekeze ana awiri a kalasi imodzi, onse amisiri abwino. Woyamba walemba khadi lake motere:

"Ndapanga mutu wa sitima ya dizilo ndi waya ndi zitini. Mpata wa mawilo ndi masentimita 5. Ndidziwa kupinda waya, koma ndifuna wondiphunzitsa kupanga zolumikizira ngolo. Mundipeza m'kabungwe ka pa sukulu."

Waciwiri walemba motere:

"Ndili ndi zaka 11. Ndikhala kuseri kwa msika, nyumba ya citseko cobiriwira pafupi ndi mpopi. Ndimapanga tisitima tanga masana ndili ndekha, cifukwa amai amagulitsa ku Soweto Market kufikira madzulo, ndipo atate ali paulendo. Amalume ananditumizira kasitima ka mabatire kocokera ku Johannesburg."

Mwana waciwiriyu sananame, ndipo alibe mtima woipa. Wangopereka malonje monga anazolowera. Ciganizo ciliconse pacokha cioneka cacing'ono. Koma lumikizani ziganizozo monga ngolo, muone sitima imene yatulukapo. Wowerenga wadziwa msinkhu wa mwanayo. Wadziwa nyumba, pakuti m'makomboni athu nyumba zambiri sitizipeza ndi nambala, koma ndi zizindikiro: msika, mpopi, kantemba, chalichi, mtengo wa mango. Kunena kuti kuseri kwa msika pa citseko cobiriwira ndiko kupereka keyala yonse. Wadziwanso nthawi imene pakhomo palibe wamkulu, ndi cinthu cokoma cimene cili m'nyumbamo. Mbala siifunanso cina. Ndipo pali woipa koposa mbala: munthu amene angagogode pa citseko masana, nachula mwanayo dzina, nanena kuti, "Amai ako andituma kucokera ku Soweto, tiye ukawathandize kunyamula katundu." Mwanayo angamkhulupirire cifukwa adziwa zonse za pakhomo, osazindikira kuti ndi iye mwini amene anamuuza.

Anthu ambiri odzaona cionetsero ndi abwino, odzera kudzayamikira nchito yanu. Tilibe cifukwa coopera aliyense. Koma khadi silisankha woliwerenga, ndipo woipa mmodzi ndi wokwanira.

Taonaninso ici: pa makhadi awiriwo, lothandiza kabungwe ndi loyamba lija. Laciwiri, ngakhale lili ndi mau ambiri, silinatiuze ngakhale mpata wa mawilo. Motero musanalembe kanthu, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ici cithandiza nchito yathu? Kodi ndingakondwe munthu wosamdziwa ataciwerenga? Kodi akulu a kunyumba avomera? Yankho likakhala iai pa funso limodzi lokha, lekani pensulo.

Kusiya mpata ndi kuyankha mwaulemu

Ana ena amaganiza kuti mzere uliwonse wa papepala uyenera kudzazidwa, monga pa mayeso. Si conco ai. Mukapeza funso limene simuona cifukwa cake, siyani mpata, mukafunse aphunzitsi kapena makolo. Musalembe bodza kuti mudzaze mpatawo, pakuti bodza liononga cikhulupiriro ca anzanu, ndipo tsiku la ngozi lingasoceretse ofuna kukuthandizani. Kusiya mpata ndi kunama ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Nanga wamkulu wosamdziwa akakufunsani pakamwa kuti, "Kwanu ndi nyumba iti? Amai ako abwera nthawi yanji?" mudzatani? Tinaphunzitsidwa kulemekeza akulu, ndipo ulemu umenewo tisausiye. Yankhani modzicepetsa kuti, "Pepani bambo, zimenezo afunseni aphunzitsi athu," kapena, "Pepani mai, sanandilole kunena." Wamkulu wa mtima wabwino sakwiya ndi yankho lotere, amakondwera kuona mwana wolangizidwa bwino. Amene akwiya, kapena akakamiza, kapena akunyengererani ndi maswiti, ndalama kapena kasitima ka m'sitolo, mthaweni, mukanene msanga kwa akulu.

Mvetsani bwino apa. Zinsinsi zimene tili kunena ndi zobisira alendo, osati makolo. Munthu aliyense akakuuzani kuti, "Izi zikhale za ife awiri, usauze amai ako," dziwani kuti cimeneco ndico coyamba kukanena kunyumba.

Za anzanu si zanu

Pali mwambi wakuti khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mwana posimba za iye mwini angaulule za mnzake osadziwa. Akalemba kuti, "Timapangira kwa mnzanga, cifukwa kwao kulibe akulu kufikira usiku," waika mnzakeyo pangozi. Musalembe kumene mnzanu akhala, matenda a m'banja lao, kapena kuti ndi wamasiye. Musamlembe dzina lomnyoza, ngakhale mwanthabwala. Ndipo ngati wamkulu wabwera ndi foni kudzajambula nchito yanu, mpempheni ajambule sitimayo, osati khomo la nyumba, ndiponso asajambule mnzanu amene sanavomere. Cithunzi cimanena zambiri: yunifomu iulula sukulu, ndipo cikwangwani ca kantemba ciulula mseu.

Cimene lamulo linena

Nkhani imeneyi si ya ana okha. M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu, lochedwa Data Protection Act. Lamuloli linena kuti aliyense wosonkhanitsa maina ndi zina zokhudza anthu akhale ndi cifukwa codziwika, atenge zokhazo zimene zifunika pa cifukwa cimeneco, ndipo azisunge mosamala. Linenanso kuti za mwana zitengedwe kholo kapena womsunga atavomera, ndi kuti zinthu monga matenda, cipembedzo ndi mtundu wa munthu zisamalidwe koposa zina. Motero mwana wofunsa kuti, "Kodi mufuniranji zimenezi?" sali kucita mwano. Ali kufunsa funso limene lamulo lenilenilo limafunsa.

Kusunga si kuiwala

Tisanatsirize, pali mbali ina imene siyenera kutsala. Zimene tati muzisunge, muzidziwe bwino inu eni. Mwana aliyense adziwe pamtima dzina lake lonse, maina a makolo kapena a omsunga, dzina la komboni ndi cizindikiro ca pafupi ndi kwao, dzina la sukulu yake, ndi nambala imodzi ya foni ya wamkulu. Tsiku lina mungasocere m'cipiringu ca pa City Market kapena pa sitesheni ya mabasi. Tsiku limenelo citseko ca ngolo ciyenera kutseguka. Pitani kwa wapolisi wovala yunifomu, kwa namwino m'cipatala, kapena kwa aphunzitsi pa sukulu ya pafupi, muwauze zonse momveka. Ndipo ngati wina ali kukuvutitsani kapena kukuopsezani, ilipo nambala ya ana, 116, imene mungaimbe pa foni iliyonse popanda kulipira. Nzeru ndiyo kudziwa woyenera kumuuza ndi nthawi yomuuzira.

Mau kwa aphunzitsi

Aphunzitsi, poyambitsa kabungwe kotere konzani mapepala awiri osiyana. Loyamba likhale khadi la mmisiri, loikidwa pambali pa nchito ya mwana, lokhala ndi za mulu woyamba zokha. Laciwiri likhale buku lanu, losungidwa m'kabati yokhoma. Musafunse cimene simudzacigwiritsa nchito: mtundu wa mwana, chalichi cake ndi malipiro a makolo ake zilibe mbali pa kupinda waya. Polemba funso la makolo, lembani kuti "kholo kapena wokusunga", cifukwa ana ambiri aleredwa ndi ambuye ao, amalume kapena azakhali, ndipo asacititsidwe manyazi pamaso pa anzao. Pemphani cilolezo ca makolo musanajambule ana, ndipo musatumize cithunzi ca buku la maina kwa anthu ambiri pa foni. Caka cikatha, mapepala osafunikanso atenthedwe. Tonse tinaonapo pepala la sukulu litakulungidwa zitumbuwa pamsika, maina a ana ali poyera.

Kumbutsaninso ana za ngozi za nchitoyi. Zitini zidulidwe wamkulu alipo, ndipo m'mphepete mwake mupindidwe. Mwana asapite pa njanji kukayesa mpata wake, asaike kanthu pa zitsulo, ndipo asatole citsulo ciliconse ca pa njanji. Miyeso yonse imene afuna ili m'nkhani ino. Sukulu imene ingathe ulendo wautali ipite nao ku nyumba yosungiramo zakale za njanji ku Livingstone, kumene mitu yakale ya sitima za malasha iima cilili, ndipo mwana angaiyang'ane pafupi popanda ngozi.

Zocita

1. Gwirizanani m'kalasi mpata umodzi wa kanjanji kanu. Ngati musankha sikelo ya 1:20, gawani 1,067 ndi 20, ndipo munene yankho m'mamilimita ndi m'masentimita.

2. Pa sikelo yomweyo, ngolo yotalika mamita 12 idzakhala yotalika masentimita angati?

3. Aliyense alembe khadi lake la mmisiri, losapitirira mizere isanu. Sinthanani ndi mnzanu, ndipo iye afune ngati muli kanthu ka mulu waciwiri kapena wacitatu.

4. Lembaninso khadi la mwana waciwiri uja, kucotsamo zoopsa ndi kuikamo zothandiza kabungwe.

5. Awiriawiri citani kasewero: mmodzi akhale mlendo wofunsa za kunyumba, wina akhale mwana woyankha mwaulemu popanda kuulula.

Mafunso

1. Kodi njanji inafika m'Lusaka caka citi, nanga mzindawu unakhala likulu caka citi?

2. Cifukwa ninji opanga tisitima amafunsana za sikelo?

3. Chulani zinthu zitatu zosiyanitsa malonje a pakamwa ndi malonje a papepala.

4. Chulani zinthu ziwiri za mulu uliwonse mwa milu itatu ija.

5. Ndi anthu ati amene mungawauze kumene mukhala mukasocera?

Ana inu, pangani sitima zanu, ndipo zikhale zazitali. Uzani anzanu cimene manja anu adziwa ndi cimene afuna kuphunzira, kuti ngolo yanu ilumikizane ndi zao. Koma za kiyi, za ndalama ndi za nthawi imene muli nokha, zisiyeni kunyumba. Madzulo ano funsani amai, atate kapena amene akusungani kuti akuthandizeni kuloweza nambala imodzi ya foni, ndipo mawa mukaonetse aphunzitsi khadi lanu.

Tsalani bwino, tidzakumananso m'nkhani yotsatira.